Zitsamba ndi mapiritsi athu zikakumana m'thupi la wodwala mmodzi

Che Jafali (ART): Moni nonse pagulu pano. Funso langa likupita kwa anzanga a ku ART ndi a ku famase. Masiku ano anthu ambiri obwera kudzatenga 13A, piritsi lija la ma ARV lokhala ndi dolutegravir, tenofovir ndi lamivudine, amakhala ndi kabotolo kena m'chikwama: wina ufa wa cham'mwamba, wina makapisozi a calcium ogula kwa mnzake wa kutchalitchi, wina madzi a alovera a m'chigubu. Viral load (kuchuluka kwa kachilombo m'magazi) ikakwera timangofunsa kuti "kodi mumadumphitsa?" Akakana timamuyang'ana ndi diso lokayika n'kumupatsa deti ina. Za mabotolo enawa sitifunsa ndipo sitilemba paliponse. Mwa zonsezi, zimene zimalimbanadi ndi dolutegravir ndi ziti? Ndikufuna ndiziwauza anthu zenizeni, ndatopa n'kumangoopseza.

A Phiri (famase): Zikomo Che Jafali. Tiyambe ndi makapisozi a calcium aja, poti ndi amene anthu amawaona ngati osalakwa. Dolutegravir ikakumana m'mimba ndi calcium, iron, magnesium, aluminium kapena zinc, imagwirana nazo n'kukhala chinthu chimene matumbo sangayamwe bwino. Munthu wamwa ndithu piritsi lake, pa nthawi yake, koma gawo lina lalikulu langodutsa n'kutuluka ndi chimbudzi. Lamulo lake ndi ili: amwe 13A maola 2 asanamwe zinazo, kapena adikire maola 6 ngati wayamba ndi zinazo. Calcium ndi iron zikhoza kumwedwa nthawi imodzi ndi dolutegravir pokhapokha ngati akumwera pa chakudya. Koma tisathamangire kuloza chala ogulitsa okha. FeFol, mapiritsi a iron owonjezera magazi amene timapereka ku sikelo, ndi magnesium trisilicate amene timapatsa aliyense wodandaula chilungulira, ali m'gulu lomweli. Chichokereni pa ma ARV akale aja a 5A mu 2019, ndi angati mwa ife amene amamuuza mayi woyembekezera za maola amenewa?

Nachisale (mzamba): Mwandikumbutsa a Phiri. Nanga dothi? Amayi anga ambiri amadya lija logula pamsika, ena la pachulu. Sabisa n'komwe, amakukuta ali pa benchi pomwepo akudikira sikelo.

A Phiri (famase): Dothi liwerengeni ngati mankhwala a chilungulira aja. Limagwira iron, n'chifukwa chake mayi wodya dothi magazi sakwera ngakhale mukumupatsa FeFol mwezi ndi mwezi, ndiponso limatha kugwira mapiritsi ena. Ngati simungamuletse, mutalikitsireni ndi nthawi ya ma ARV. Za cham'mwamba: ku Zimbabwe anachita kafukufuku mu 2017 pa anthu ochepa omwa ARV wina wotchedwa nevirapine, ndipo ufawo sunasinthe kwenikweni kuchuluka kwa mankhwala m'magazi. Koma imeneyo ndi nevirapine. Masamba a cham'mwamba ali ndi calcium ndi iron wambiri, ndiye kwa wa 13A ine ndimati: ndiwo idyani, koma masipuni a ufa aja musamwere limodzi ndi piritsi pamimba yopanda kanthu.

Sister Tiyamike (Manchester): Moni akumudzi. Ndilowererepo ndi chitsamba chimodzi chimene kuno chimativuta, chifukwa ndikudziwa kuti ena mwa ife timatumiza mabotolo kumudzi m'makatoni a Khrisimasi. Dzina lake St John's wort. Chimagulitsidwa m'mashopu popanda chikalata cha dokotala, anthu amamwa akamamva kukhumudwa, makamaka nyengo yozizira dzuwa likamalowa 4 koloko. Mu 2000 ku America anayesa pa anthu athanzi n'kupeza kuti chinatsitsa ARV wotchedwa indinavir m'magazi ndi 57 peresenti. Chaka chomwecho ku Zurich anthu awiri amene anaikidwa mtima wina, matupi awo anayamba kuukana mtimawo chifukwa ciclosporin, mankhwala oletsa thupi kukana chiwalo chatsopano, anatsika atayamba kumwa chitsambachi. Mu 2014 bungwe loona za mankhwala kuno, MHRA, linachenjeza kuti chimafoola njira zolera, ya pamkono yomwe, amayi ena atatenga mimba ali pa kulera. Warfarin woletsa magazi kuundana, digoxin wa mtima, dolutegravir, zonse chimatsitsa. Ukachiphatikiza ndi fluoxetine, piritsi la matenda a kukhumudwa, ndiye vuto lake ndi lina: kunjenjemera, thukuta, kutentha thupi, kusokonezeka mutu. Chonde amene mumatumiza katundu, botolo ili lisakwere ndege.

Yamikani (chaka chachitatu): Pepani akuluakulu, ine ndine wophunzira. Za calcium ndamva, zimagwirana m'mimba. Koma chitsamba chimatsitsa bwanji njira ya pamkono imene sidutsa m'mimba n'komwe?

A Phiri (famase): Funso labwino mwanawe. M'chiwindi ndi m'matumbo muli ma enzyme amene ntchito yawo ndi kuphwanya mankhwala kuti atuluke m'thupi. Wamkulu wawo ndi CYP3A4. St John's wort ili ndi chinthu chotchedwa hyperforin chimene chimauza chiwindi kuti chipange enzyme ameneyu wochuluka, ndiye mankhwala alionse odutsa njira imeneyo amaphwanyidwa msanga, kaya alowa pakamwa kaya pamkono. Kuli ngati kutunga madzi ndi ndowa yobooka. Wazionapo kale ku TB: rifampicin amachita zomwezo, n'chifukwa chake wa 13A akayamba mankhwala a TB timamuwonjezera dolutegravir wina wa 50 mg madzulo. Kusiyana kwake n'kwakuti rifampicin timamudziwa, timamulemba, timakonza mlingo. Chitsamba chili m'chikwama sitikuchidziwa. Ndipo munthu akasiya kumwa, chiwindi chimatenga pafupifupi milungu iwiri kuti chibwerere mwakale.

Palinso zochita mosemphana. Manyumwa amatseka enzyme yomweyo m'matumbo, mankhwala n'kuchuluka m'magazi kuposa mlingo. Anazitulukira mwangozi ku Canada mu 1989, David Bailey ndi anzake pamene ankagwiritsa ntchito juwisi wa manyumwa pobisa kukoma kwa mowa pa kafukufuku wa mankhwala a BP otchedwa felodipine. Kwa ife kuno nkhani ili pa nifedipine wa BP ndi simvastatin wotsitsa mafuta m'magazi. Apa kutalikitsa maola sikuthandiza, mphamvu ya manyumwa imatha kukhala tsiku lonse mpaka kupitirira.

Yamikani (chaka chachitatu): Zikomo kwambiri, ndakopera m'kope.

Nabanda: Ine ndikuwerenga, koma mtima ukundiwawa pang'ono. Nthawi zonse tikayamba nkhani iyi imathera ponyoza mankhwala achikuda. Kwinini anachokera ku khungwa la mtengo. LA amene takhala tikupereka kuyambira 2007 gwero lake ndi chitsamba cha ku China, ndipo Tu Youyou analandira nacho mphoto ya Nobel mu 2015. Vincristine amene amapulumutsa ana odwala khansa ya Burkitt amachokera ku kaduwa ka ku Madagascar kamene kali m'mabwalo mwathumu. Ndiye azigogo athu okha ndiwo anali opusa? Chinanso, tinene chilungamo. Munthu wayenda mtunda wautali, wakhala pa mzere mpaka masana, ife n'kumuuza kuti "mankhwala atha, mukagule ku famase." Ndalama alibe. Pobwerera akumana ndi wa chimkuzamawu pa depoti, botolo lotchipa lochiza shuga, BP ndi zilonda za m'mimba. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Mumafuna atani?

A Phiri (famase): ANabanda, pa za kusowa kwa mankhwala sinditsutsa, ine ndi amene ndimatukwanidwa pa windo. Koma zitsanzo zanuzo zikundithandiza ine. Tikuopa zitsamba chifukwa zimagwiradi ntchito m'thupi. Digoxin anachokera ku duwa la foxglove, William Withering analemba za duwali mu 1785, ndipo chimene anavutika nacho kwambiri ndi mlingo, poti pakati pa wochiza ndi wakupha ndi pafupi kwambiri. Lero timapereka 0.125 mg titayamba tawerenga kugunda kwa mtima. M'botolo la pa depoti muli ma mg angati? Muzu wokumbidwa mu Okutobala ndi wokumbidwa mu Febuluwale mphamvu yake si imodzi. Ngakhale Artemisia, chitsamba cha ku China chija chimene ndi gwero la LA, WHO inanena mu 2019 kuti tiyi wake asagwiritsidwe ntchito pa malungo, chifukwa mlingo wake ndi wochepa komanso wosadziwika, ndipo ungaphunzitse tizilombo kupirira LA weniweniyo.

Mayi Gondwe (opuma): Ana anga, ndilankhuleko ine wakale. Mu 1995 ndinali pa ntchito pamene kunabuka mchape wa a Billy Goodson Chisupe kufupi ndi Liwonde. Malole ankadzaza, anthu miyandamiyanda, aphunzitsi, apolisi, ndi anzathu a yunifomu yoyera omwe, kukamwa kapu ya madzi ofiira aja. Musawaseke. Nthawi imeneyo m'mawodi tinalibe choti tiwapatse, ma ARV aulere anabwera mu 2004. Nabanda akunena zoona kuti munthu amapita kumene kuli chiyembekezo. Chimene ndinaona zaka zonse zimene ndinagwira ntchito ndi chakuti wodwala amene wakalipiridwa kamodzi chifukwa cha zitsamba sasiya kumwa. Amangosiya kukuuza.

Nachisale (mzamba): Amayi mwandifikitsa pamene ndimafuna. Kwa ife ku leba dzina ndi limodzi: mwanamphepo, mankhwala achikuda aja ofulumizitsa kubereka. Kafukufuku wa ku Mchinji amene anatuluka mu 2018 anapeza kuti pafupifupi mayi mmodzi mwa anayi anamwapo pa mimba yake yomaliza, ndipo omwawo ndi amene mavuto pobereka ankawachulukira. Ine sindidikira kuti andiuze, thupi limanena lokha. Mayi wafika njira ili pa 3 cm, koma kupweteka kukubwera motsatizana, kopitirira kasanu pa mphindi 10, mimba yolimba gwa osafewa pakati. Sakupuma, akungogubuduka. Ukaika fetoscope mtima wa mwana ukutsika, nsupa ikasweka madzi obiriwira. Ukayang'ana pansi pa bedi pali fulasiki yokulungidwa m'chitenje, ndipo agogo amene abwera nawo akhala pakhomo maso ali pansi. Ukatsegula ndi phala lamadzimadzi, koma fungo lake si la mgaiwa wokha.

Choopsa kwambiri ndi mayi amene wamwa koma mphamvu yake sinafike. Partograph, pepala lolondolera mmene leba ikuyendera, ikuonetsa kuti akuchedwa, ife n'kukoleka dripi ya oxytocin yolimbikitsa chiberekero kukankha, pakati pa usiku gadiyani n'kumuwonjezera kapu ina. Chiberekero chikukankhidwa ndi anthu awiri osadziwana. Ngati ndi mimba yachisanu, kapena ali ndi chipsera cha opaleshoni yakale, chimang'ambika. Chikapanda kung'ambika chimatopa, mwana akabadwa chimakana kukhwinyata, magazi n'kumangotayika.

Chikondi M.: Ndiye bwanji osangolanda mafulasiki onse pakhomo? Ine pa shifiti yanga palibe cholowa mu leba, kaya tiyi kaya thobwa. Ndikapeza ndimakhuthula pamaso pawo. Tikamanyengerera tidzakwirira anthu.

Nachisale (mzamba): Achemwali, kulanda ndimalanda nanenso mayi akakhala pa oxytocin. Koma dziwani kuti ambiri amamwera kunyumba kapena ku chidikiro asanalowe. Fulasiki mwakhuthula, za m'mimba mukhuthula bwanji? Chimene ndikufuna ine ndi kudziwa kuti wamwa nthawi yanji, makapu angati, ndisanagwire oxytocin kapena mnzake misoprostol. Mukakhuthula pamaso pa anthu, wodi yonse yaona, ndipo palibenso amene adzavomere usiku umenewo. Ine ndimaitanira agogo aja pambali, ndimawapatsa moni bwinobwino, kenako ndimati, "Agogo, ndikudziwa kuti kumudzi simungamusiye mwana chimanjamanja. Mwamuthandiza ndi chiyani, kuti zanga ndi zanu zisakangane m'mimbamo?" Ambiri amaulula, ena mpaka amatulutsa muzu pa mfundo ya chitenje. Ndikamva, ndimalemba pa partograph nthawi ndi kuchuluka kwake, oxytocin ndimaimika, mayi agonere kumanzere, dripi ya madzi, mtima wa mwana ndimamvera pafupipafupi, kliniko ndi a ku fiyeta adziwe msanga.

Chikondi M.: Nthawi yocheza ndi agogo muli nayo inu. Ine ndimakhala ndekha ndi amayi asanu ndi awiri.

Nachisale (mzamba): Inenso ndekha mayi. Ndi mphindi ziwiri basi. Kuthamangitsa mayi ku fiyeta 2 koloko usiku, magazi ku labu kulibe, kumadya maola angati?

Dalitso (Johannesburg): Moni abale, wa ku fiyeta ndafika. Kuno amayi amamwa isihlambezo, nkhani yake ndi yomweyo ya mwanamphepo. Koma ndinene za opaleshoni yokonzekera, chifukwa kumeneko tili ndi mpata wofunsa pasadakhale ndipo timautaya. Madokotala ogonetsa anthu amalangiza kuti zitsamba zonse ndi makapisozi owonjezera zisiyidwe milungu iwiri opaleshoni isanachitike. Mu 2001 magazini ya JAMA inatchula zisanu ndi zitatu zofunika kusamala nazo: echinacea, ephedra, adyo, ginkgo, ginseng, kava, St John's wort ndi valerian. Adyo, ginkgo ndi ginseng zimachedwetsa magazi kuundana. Kava ndi valerian zimawonjezera tulo pa mankhwala ogonetsa. Ephedra imakweza BP ndi kusokoneza kugunda kwa mtima, America inailetsa mu 2004. Munthu amene akumwa aspirin, n'kuwonjezera ginkgo wa "kukumbukira", ndiye tikumubaya pamsana, ngozi yake ndi magazi kutuluka n'kuunjikana mozungulira mtsempha wa msana mpaka miyendo kufa.

Nabanda: Ndiye adyo wa mu ndiwo tisiyenso?

Dalitso (Johannesburg): Ayi aNabanda, wa mu nyemba idyani. Tikunena makapisozi, kapena aja amatafuna mutu wonse m'mawa uliwonse. Mu 2002 anapeza kuti makapisozi a adyo anatsitsa ARV wotchedwa saquinavir ndi pafupifupi theka. Kuno nkhani ya adyo ndi yowawa. Nduna ya zaumoyo ya nthawi ija, Manto Tshabalala-Msimang, inkalimbikitsa adyo, beetroot, mandimu ndi African potato pamene anthu ankafuna ma ARV, mpaka mu 2006 anakaziyala pa msonkhano wa Edzi ku Toronto. Anamwino achikulire amene ndimagwira nawo amakumbukira mawodi a zaka zimenezo, ndipo safuna n'kumva komwe. Palinso muzu wina kuno, impila, umene umawononga chiwindi ndi impso n'kugwetsa shuga. Mwana akabwera atakomoka, shuga ali pansi, maso achikasu, anzanga a kuno amafunsa za impila asanafunse china.

Sister Tiyamike (Manchester): Pa za magazi ndiwonjezere warfarin, poti ndi ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku, ndipo kumudzi aliko achinyamata ambiri oikidwa ma valve chifukwa cha matenda a mtima oyamba ndi zilonda za pakhosi. Cholakwika chimene ndimamva kawirikawiri ndi kuuza wodwala kuti asiye ndiwo zamasamba chifukwa zili ndi vitamin K. Mmalawi asiye nkhwani, bonongwe, chisoso ndi mpiru, adye chiyani? Uphungu woyenera ndi wakuti adye monga amadyera nthawi zonse, asasinthe mwadzidzidzi. Mlingo wa warfarin timaukonza molingana ndi mbale yake. INR, muyeso wa mmene magazi akuchedwera kuundana, imasokonekera akayamba chinthu chatsopano: masipuni a ufa wobiriwira m'phala amaitsitsa, valve n'kugwira magazi oundana, makapisozi a turmeric, ginkgo kapena juwisi wa cranberry amatha kukankhira kwina, n'kuyamba kutuluka magazi m'nkhama ndi m'mphuno. Kumbukiraninso kuti mvula ikagwa masamba amachuluka pa mbale, ndiye INR ya mu Januwale isakudabwitseni ikasiyana ndi ya mu Seputembala. Ndipo Bactrim ndi Flagyl athu omwewa amakweza INR kuposa zitsamba zambiri.

Che Jafali (ART): Tsopano ndinene za abambo, poti amayi mwawanena mokwanira. Gondolosi ndi nkhani yakale, amatafuna poyera pa bawo. Chimene chikundiopsa ndi timapaketi ta khofi, uchi ndi tizakumwa ta "mphamvu za abambo" tolembedwa kuti ndi zachilengedwe zokhazokha. Mukukumbuka mu 2019 ku Zambia analetsa chakumwa china chopangidwa ku Ndola atapezamo sildenafil, mankhwala aja a mu Viagra? Bambo wa mtima amene ali pa isosorbide dinitrate akamwa zimenezo BP imagwa mpaka pansi. Choipa n'chakuti akabwera ndi kupweteka pachifuwa ife timathamangira kumuika GTN pansi pa lilime, mankhwala a gulu lomwelo la isosorbide amene agwetsanso BP akakumana ndi sildenafil.

Dalitso (Johannesburg): Ndipo sanganene mkazi wake ali pompo atanyamula basiketi, hahaha.

Che Jafali (ART): Ndiye ndimawatuma amayiwo kuti akatenge buku la kuchipatala kapena madzi akumwa, n'kufunsa mwachangu, mwachimuna. "Bwana, dzulo kapena lero mwalawako tothandizira kunyumba tija?" Amaseka, kenako amavomera.

A Phiri (famase): Kusakaniza kotereku kuliponso pa mankhwala a nyamakazi. Botolo lalembedwa zitsamba, mkati muli ma steroid monga dexamethasone kapena prednisolone, nthawi zina ndi diclofenac. Agogo amayamikira kuti mawondo apola tsiku limodzi. Pakapita miyezi nkhope yatupa yozungulira, khungu lapyapyala, shuga ndi BP zakwera, m'mimba muli zilonda. Mukakumana ndi wotere musamulande botolo n'kumuuza kuti asiye lero lomwe. Thupi lake lasiya kupanga steroid wake, akasiya mwadzidzidzi akhoza kugwa ndi BP yotsika mpaka kumwalira. Apite kwa dokotala, amutsitse pang'onopang'ono.

Alovera uja Che Jafali anatchula poyamba: madzi achikasu owawa a pansi pa khungu lake amatsegula m'mimba, ndipo anthu amakondwa kuti "thupi likutsukika." Chimene chikutuluka ndi madzi ndi potassium. Wa mtima amene ali pa furosemide, piritsi lokodzetsa lija, akutaya kale potassium mumkodzo, ndiye ngati alinso pa digoxin, poizoni wa digoxin amabwera pa mlingo womwe uja wakhala akumwa bwinobwino: nseru, kusanza, kuona zachikasu, mtima kugunda mosokonekera. Wa tenofovir naye impso zake sizifuna thupi louma.

Mayi Gondwe (opuma): Nanga a shuga? Ku mpingo kwathu amayi ambiri akuwiritsa nimu ndi masamba a mango.

A Phiri (famase): Amayi, oopsa ndi amene ali pa glibenclamide kapena insulin. Akawonjezera zowawa zimene zimatsitsa shuga, chilakolako cha chakudya n'kuchepanso, amakomoka m'bandakucha. Enanso amachita mosiyana: amasiyiratu mapiritsi chifukwa wogulitsa wawauza kuti achira, n'kudzabwera ndi chilonda cha phazi kapena sitiroko. Muwauze kuti amene wayamba zowiritsazo anene ku kiliniki, ayezetse pafupipafupi, ndipo asasiye piritsi payekha.

Mayi Gondwe (opuma): Ndikawauza Lachinayi. Koma pali nkhani ina imene nonse mukuizungulira. Ena mwa ogulitsa mabotolowa ali pagulu pompano. Ndimaona ma status anu. Namwino wavala yunifomu, wanyamula chigubu, pansi walemba kuti chimachotsa zotupa za m'chiberekero ndi kukweza chitetezo. Wodwala akagula kwa munthu wa pa depoti amakhala ndi kachikayiko. Akagula kwa sister amene anamubaya jakisoni dzulo, amakhulupirira kuti chipatala chavomereza, ndipo sadzaona chifukwa chotchulira kwa dokotala. Malipiro ndi ochepa, ndikudziwa, penshoni yanga ndi yochititsa manyazi. Gulitsani mandasi, zitenje, mazira. Yunifomu musagulitsire mankhwala amene simungathe kutchula zimene zili mkati mwake. A Nurses and Midwives Council akadzakufunsani, kampaniyo sidzabwera kudzakuyankhirani.

Nabanda: Amayi, ngati mukunena ine ingonditchulani. Ndimagulitsa, inde, ndipo sindinauzepo munthu kuti asiye ma ARV. Zanga ndi zopakidwa bwino, zochokera kunja, zili ndi label.

Sister Tiyamike (Manchester): ANabanda, palibe akukuweruzani, koma kupakidwa bwino kusakupusitseni. Ku Brussels kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pa kiliniki yochepetsa thupi, amayi ankapatsidwa makapisozi ndi madokotala enieni. Pa zitsamba za ku China zimene zinali mkatimo, chimodzi chinasinthanitsidwa ndi chomera chowononga impso chotchedwa Aristolochia. Opitirira 100 impso zinawonongeka, ambiri anathera pa dialysis kapena kuikidwa impso ina, ena anadzadwala khansa ya njira ya mkodzo. Kumeneko ndi ku Ulaya, makina a dialysis ali paliponse. Kwathu mukudziwa nokha mmene mzere wake ulili. Tangojambulani label ya zimene mumagulitsazo a Phiri aione. Ngati muli calcium, iron kapena magnesium, makasitomala anu a 13A akuyenera kumva za maola aja kuchokera kwa inu.

Nabanda: Ndijambula ndikaweruka. Koma mawu a amayi aja andikhudza, sindinama.

Admin (Mphatso): Tiyeni tikhale pa mutu, akuluakulu, tisatchulane. Chithunzi cha label chikabwera tikambirane za zimene zalembedwapo basi.

Yamikani (chaka chachitatu): Ndifunsenso kamodzi. Ku wodi ya abambo kumene ndili kuli wodwala TB, mwezi wachiwiri pa RHZE, mankhwala anayi oyambira a TB aja, maso achita chikasu ndipo akusanza. Gadiyani wandiuza mwakachetechete kuti akhala akumupatsa zowiritsa za kwa asing'anga, koma wandipempha kuti ndisanene poopa kukalipiridwa. Ndipange bwanji?

Che Jafali (ART): Nena lero lomwe, usadikire raundi ya mawa. Isoniazid, rifampicin ndi pyrazinamide onse atatu amatha kupweteka chiwindi paokha, ndiye sitinganene kuti ndi zowiritsazo zokha, koma dokotala sangaganize bwino akudziwa theka la nkhani. Chikasu ndi kusanza pa RHZE ndi chifukwa chokwanira choimikira mankhwala n'kuyeza chiwindi, ndipo zowiritsazo ziime nthawi yomweyo. Akadzayamba kubwezera mankhwala a TB limodzilimodzi gadiyani akupitiriza kumwetsa mobisa, adzaimba mlandu piritsi losalakwa, wodwala n'kumuchotsa pa mankhwala amene akanamuchiza.

Mayi Gondwe (opuma): Koma uyambe wabwerera kwa gadiyaniyo, mwanangu. Umuthokoze, umuuze kuti zimene wanenazi zithandiza m'bale wake ndipo uyenera kuwauza a sister in-charge. Ukapite nawo wekha, ndipo uwapemphe a sisterwo kuti asakakalipe pa wodi. M'fayilo ulembe zimene wamva monga wazimvera: chiyani, kangati pa tsiku, kuyambira liti. Mawu oti "gadiyani wosamvera" asapezekemo.

A Phiri (famase): Ndipo botolo kapena mizu yotsalayo isatayidwe, Yamikani. Uikulunge, ulembepo deti, ubwere nayo ku famase. Fomu ya ADR, yonenera zovuta zobwera ndi mankhwala, imene timatumiza ku bungwe loona za mankhwala la PMRA imalandiranso za zitsamba, ndipo sufunika kutsimikiza kuti ndi chimenecho chapweteka munthu, kukayikira kokha n'kokwanira. Namwino akhoza kudzaza, ngakhale iwe wophunzira mothandizidwa ndi a in-charge. Muuzenso gadiyaniyo asamupatse Panado wogula pa okala mpaka zotsatira za chiwindi zituluke.

Yamikani (chaka chachitatu): Chabwino, ndikupita kukawapeza a in-charge asanatuluke 4 koloko. Fomuyo ikasowa ku wodi ndidzakuvutitsani kuno, a Phiri.